Madhubala, Mwana Amene Anasenza Denga

Akulu amati mutu umodzi susenza denga. Mawu amenewa ndi oona, ndipo munthu aliyense amene anamangapo nyumba kapena nkhokwe sangawatsutse. Koma m'dziko la India munali mwana wina wamkazi amene anasenza yekha denga la nyumba ya atate wake, kuyambira ali ndi zaka 9 kufikira pamene nthenda inamgoneka pansi. Dzina lake lobadwa nalo linali Mumtaz Jehan Begum Dehlavi, koma anthu a m'maiko ambiri anamdziwa ndi dzina lakuti Madhubala. Ntchito yake inali yosewera m'kanema. Amwenye ambiri kufikira lero amati mwa akazi onse amene anaonekapo m'kanema wa chinenero cha Chihindi panalibe wina wokongola womposa. Za kukongolako sititsutsa, pakuti zithunzi zake zilipo ndipo aliyense akhoza kudzionera. Koma m'kabuku aka tifuna kufotokoza makamaka za ubwana wake ndi za njira imene analowera ntchito imeneyi.

Kubadwa kwake

Mumtaz anabadwa pa 14 February 1933 mumzinda wa Delhi, pamene dziko la India linali likali m'manja mwa Angerezi. Atate wake anali Ataullah Khan, wa mtundu wa Apashtuni, anthu a kufupi ndi Peshawar, dera limene tsopano lili m'dziko la Pakistan. Amake anali Aayesha Begum. Banjali linali la Chisilamu. M'nyumbamo munabadwa ana 11, ndipo Mumtaz anali wachisanu. Koma ena anamwalira akali aang'ono, ndipo amene anakula anali aakazi okhaokha.

Ataullah Khan anali kugwira ntchito pa kampani ya fodya yotchedwa Imperial Tobacco Company. Anali munthu wouma mtima ndi wosunga mwambo wa makolo ake, kotero kuti ambiri mwa ana ake aakazi sanawatumize kusukulu. Mumtaz sanakhalepo m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Zimene anadziwa za Chiurdu ndi Chihindi anaziphunzirira pakhomo. Chimene anali kukonda ndicho kuimirira pa kalilole, kuvina, ndi kutsanzira anthu amene anali kuwaona m'kanema. Ana ambiri amachita zotere, ndipo makolo amangoseka. Panalibe amene akadaganiza kuti masewera a pa kalilolewo ndiwo adzakhale munda wa banja lonse.

M'chaka cha 1940 Ataullah Khan anachotsedwa ntchito atakangana ndi mkulu wake. Munthu wa kumudzi ntchito ikamthera amabwerera kwao nakagwira khasu. Koma uyu anali mumzinda, wopanda munda, ndi mkazi ndi ana ofuna kudya. Tsono Mumtaz, ali ndi zaka 7, anayamba kuimba pa wayilesi ya boma yotchedwa All India Radio, nabwera ndi tindalama pang'ono kunyumba. Kumeneko anaonedwa ndi Rai Bahadur Chunnilal, mkulu woyendetsa kampani yopanga kanema ya Bombay Talkies, ndipo iye anauza atate wake kuti apite naye mwanayo ku Bombay.

Mzinda wa kanema

Tiyambe taimirira pano kuti timvetse kumene mwanayu anali kupita. Bombay, umene kuyambira 1995 umatchedwa Mumbai, ndi mzinda waukulu wa pa doko, kumadzulo kwa India. Kumeneko ndiko kunapangidwa kanema woyamba wamtali wa Amwenye, wotchedwa Raja Harishchandra, amene anapangidwa ndi Dadasaheb Phalke m'chaka cha 1913. Masiku amenewo kusewera m'kanema inali ntchito yamanyazi kwa mkazi. Phalke anafunafuna mkazi woti asewere ngati mfumukazi koma sanampeze, mpaka anatenga mnyamata wina, Anna Salunke, namveka zovala zachikazi. Kanema woyambayo anali wosalankhula. Wolankhula ndi woimba anayamba m'chaka cha 1931 ndi kanema wotchedwa Alam Ara, ndipo kuyambira pamenepo Amwenye sanafunenso kanema wopanda nyimbo.

M'chaka cha 1934 Himanshu Rai ndi mkazi wake Devika Rani anatsegula Bombay Talkies pa malo otchedwa Malad, kunja kwa mzinda. Devika Rani anali mkazi wophunzira wochokera m'banja lolemekezeka, ndipo kuonekera kwake m'kanema kunachepetsako manyazi aja. Komabe sanathe onse. Tsono taganizani inu owerenga: bambo amene anakana kutumiza mwana wake kusukulu chifukwa cha mwambo, ndi yemweyo anamgwira pa dzanja napita naye ku nyumba zojambuliramo kanema. Sikuti maganizo ake anali atasintha ayi. Inali njala.

Anafika ku Bombay m'chaka cha 1941, ndipo malo amene anapeza ogonamo anali khola la ng'ombe ku Malad. Ku Bombay Talkies anamlemba Mumtaz kuti asewere ngati mwana wa mkazi wina wovutika m'kanema wotchedwa Basant, amene anatsogoleredwa ndi Amiya Chakrabarty natuluka m'chaka cha 1942. Malipiro ake anali marupiya 150. Dzina lakuti rupiya si lachilendo kwathu kuno, pakuti ndalama za ku India zinayendapo m'dziko la Nyasaland Azungu atangofika kumene, ndipo agogo athu anasunga mawuwo nthawi yaitali ndalamazo zitatha. Basant anakondedwa kwambiri, nalowetsa ndalama zambiri m'thumba la kampani. Koma dzina la mwanayo silinalembedwe pa mndandanda wa osewera, ndipo kanema atatha anamuuza kuti ntchito ya mwana panalibenso. Banja lonse linabwerera ku Delhi chimanjamanja.

M'chaka cha 1944 Devika Rani anawaitananso, chifukwa anali kufuna mwana wosewera m'kanema wotchedwa Jwar Bhata. Atafika, malowo sanampatse Mumtaz. Koma ulendo uno atate wake anatsimikiza mtima kuti sabwereranso ku Delhi. Anayenda naye mwanayo khomo ndi khomo, mpaka Chandulal Shah, mwini kampani ya Ranjit Movietone, anamlemba kwa zaka 3 pa malipiro a marupiya 300 pa mwezi. Kuyambira pamenepo mphika wa pakhomopo unali kuwira ndi ndalama za mwana wa zaka 11.

Tsiku limene doko linaphulika

Chaka chomwecho kunagwa tsoka limene anthu a ku Bombay sanaliiwale. Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Sitima ya pamadzi yotchedwa Fort Stikine inakocheza pa doko la Victoria itanyamula mabelo a thonje, mafuta, golide, ndi onga ndi zida zophulika zolemera matani ngati 1,400. Pa 14 April 1944 moto unabuka m'sitimamo, ndipo madzulo inaphulika kawiri. Sitima zina zimene zinali pafupi zinamira, zitsulo zoyaka zinagwera pa nyumba za anthu, ndipo moto unayaka masiku angapo. Anthu oposa 800 anafa, ndipo zikwi zambiri anasowa pokhala.

Nyumba ya banja la Ataullah Khan inali imodzi mwa zimene zinaonongeka. Koma pa ora limenelo munalibe munthu, pakuti onse anali atapita kukaonera kanema. Atabwerako anapeza kuti katundu wao watha, napita kukapempha malo kwa mnzao.

Zaka zotsatira Mumtaz anasewera ngati mwana m'makanema a Ranjit Movietone, monga Mumtaz Mahal wa 1944, Dhanna Bhagat wa 1945, ndi Pujari, Phoolwari ndi Rajputani a 1946. Anali kumlemba dzina lakuti Baby Mumtaz. Tsiku lina akujambula Phoolwari, mwanayo anasanza magazi. Anthu sanadziwe chimene chinali kumvuta, ndipo ntchito inapitirira.

Chimene chinali kumvuta ndi ichi. Mtima wa munthu uli ndi zipinda 4, ziwiri kumwamba ndi ziwiri kumunsi. Pakati pa zipinda za kumunsizo pali khoma lolekanitsa magazi amene achokera m'mapapo ndi amene akupita kumapapo. Mumtaz anabadwa ndi chiboo pa khoma limenelo. Chotero magazi ochuluka anali kuthamangira kumapapo, mtima nugwira ntchito yoposa mphamvu yake usana ndi usiku. Mwana wotere afunika kupuma. Uyu anali kudzuka m'mamawa kukakwera sitima ya pamtunda yodzaza ndi anthu kuchokera ku Malad kupita ku Dadar kumene kunali ntchito. Kidar Sharma, mmodzi wa otsogolera makanema amene anagwira naye ntchito, anasimba pambuyo pake kuti mtsikanayo sanali kuchedwa kapena kujomba, ngakhale nthawi zina anali kugwira ntchito osadya.

Dzina latsopano

Kidar Sharma yemweyo ndiye anamtsegulira khomo. Anali kupanga kanema wotchedwa Neel Kamal, ndipo mkazi amene anayenera kusewera mbali yaikulu, Kamla Chatterjee, anamwalira ntchito ili pakati. Sharma anasankha Mumtaz kuti alowe m'malo mwake, ndipo pa mbali ya mwamuna anaika mnyamata amene anali kumthandiza ntchito, dzina lake Raj Kapoor. Chandulal Shah, amene analonjeza ndalama zopangira kanemayo, sanakhulupirire kuti ana awiri osadziwika angakope anthu, nabweza ndalama zake. Sharma sanagonje, anapeza ndalama mwa iye yekha natsiriza ntchito. Neel Kamal anatuluka m'chaka cha 1947, Mumtaz ali ndi zaka 14. Sanapindule ndalama zambiri, koma opanga makanema ena anaona nkhope ziwirizo nazikumbukira. Raj Kapoor anadzakhala mmodzi wa anthu otchuka koposa m'kanema wa ku India.

Chaka chimenecho Mumtaz anapatsidwa dzina lakuti Madhubala. M'chinenero chao madhu ndi uchi, bala ndi mtsikana. Kusintha dzina kunali kofala pa ntchito imeneyi, makamaka kwa Asilamu: Yusuf Khan anasanduka Dilip Kumar, ndipo Mahjabeen Bano anasanduka Meena Kumari. Tikumbukenso kuti 1947 ndi chaka chimene Angerezi anachoka, dziko nkugawidwa pawiri, India ndi Pakistan. Ahindu, Asilamu ndi Asikhi anaphana koopsa, ndipo anthu mamiliyoni anathawa kwao. Osewera ndi oimba ena Achisilamu, monga Noor Jehan, anasamukira ku Pakistan. Banja la Ataullah Khan linatsala ku Bombay, pakuti ndiko kumene kunali chakudya chao.

Tsono makalata a ntchito anayamba kubwera, ndipo atate wake sanali kubweza ndi imodzi yomwe. M'kanthawi kochepa mtsikanayo analonjezedwa ku makanema 24. Ambiri a iwo anali osakoma, ndipo lero palibe amene amawakumbukira, kupatula ochepa monga Lal Dupatta wa 1948 ndi Dulari wa 1949. Munthu amene anagonapo m'khola la ng'ombe sasankha ntchito. Koma thupi limene linali kugwira ntchito zonsezo linali limodzi, ndipo linali la mtsikana wodwala mtima.

Mahal

Kanema amene anakweza dzina lake anatuluka m'chaka cha 1949, ndipo anapangidwa ndi kampani yomwe ija inamchotsa ali mwana, Bombay Talkies. Dzina lake Mahal, ndiye kuti nyumba yachifumu. Wotsogolera anali Kamal Amrohi, amene anali asanatsogolerepo kanema wina. Akuluakulu a kampani anali kufuna Suraiya, mkazi wotchuka wa masiku amenewo, koma Amrohi anaumirira pa Madhubala.

Nthano yake ili motere. Mwamuna wina wophunzira, amene anaseweredwa ndi Ashok Kumar, alowa m'nyumba yaikulu yakale imene inasiyidwa bwinja. Apezamo chithunzi cha mwini nyumba amene anafa kalekale, ndipo nkhope ya pachithunziyo ndi yofanana ndi yake. Usiku amva mawu a mkazi akuimba, naona mtsikana wonyamula nyali akuyenda m'nyumbamo. Akati amtsate, mtsikanayo azimirira. Mwamunayo akhulupirira kuti ndi mzimu wa mkazi amene anakondana naye m'moyo wina wakale, pakuti Ahindu amati munthu akafa amabadwanso. Mtima wake usokonezeka, ukwati wake nuonongeka. Potsiriza zidziwika pabwalo la milandu kuti si mzimu ayi, koma mwana wa wosamalira maluwa a panyumbapo, mtsikana wosauka amene anadzisandutsa mzimu kuti munthu wolemera amkonde.

Mbali imeneyi inali yovuta, pakuti mawu anali ochepa ndipo zambiri anayenera kuzinena ndi maso. Wojambula zithunzi, Mjeremani wotchedwa Josef Wirsching, anadziwa kusewera ndi mdima ndi kuwala, kotero kuti nkhope ya mtsikanayo inali kutuluka mumdima ngati mwezi m'mitambo. Madhubala anali ndi zaka 16. Ena anaonamo chinthu chodabwitsa: mwana wosauka akusewera ngati mwana wosauka amene akusewera ngati mfumukazi.

Pali kanthu kena koyenera kudziwa. M'kanema wa Amwenye, amene timamuona akuimba kawirikawiri sindiye mwini mawu. Nyimbo imaimbidwa ndi munthu wina nijambulidwa, ndipo wosewera amangoyendetsa milomo. Nyimbo yaikulu ya mu Mahal inapekedwa ndi Khemchand Prakash niimbidwa ndi mtsikana wina, Lata Mangeshkar. Pa mbale ya galamafoni sanalembepo dzina lake, koma la Kamini, mzimu wa m'nthanomo. Anthu analemba makalata ambiri ku wayilesi kufunsa mwini mawu, mpaka wayilesi inamtchula. Chotero kanema mmodzi anatchukitsa atsikana awiri, ndipo onse awiri anali odyetsa mabanja ao, pakuti Lata naye anayamba ntchito ali ndi zaka 13 atate wake atamwalira m'chaka cha 1942.

Kuphunzira atakula

Atatchuka chotero, Madhubala anali kukumana ndi anthu ophunzira, ndipo chinthu chimodzi chinali kumpweteka mtima: sanali kudziwa Chingerezi. Ali ndi zaka 17 anapempha Sushila Rani, mayi wophunzira amene anali kugwira ntchito pa magazini ya zakanema yotchedwa Filmindia, kuti amphunzitse. Anali kuphunzira pa nthawi imene ntchito inamlola, ndipo patapita miyezi yowerengeka anali kulankhula. Mkazi amene nkhope yake inali pa zikwangwani mumzinda wonse sanachite manyazi kukhala pansi ndi buku ngati mwana wa sukulu.

Sanaiwalenso kumene anachokera. M'chaka cha 1950 anapereka marupiya 50,000 kuthandiza anthu othawa kwao a ku East Bengal. Mbiri yake inaoloka nyanja: mu 1951 James Burke anamjambula zithunzi za magazini ya ku America yotchedwa Life, ndipo mu August 1952 magazini ina ya komweko, Theatre Arts, inalemba kuti wosewera wotchuka koposa pa dziko lonse sanali ku America koma ku India. Frank Capra, wopanga makanema wa ku Hollywood, atafika ku Bombay anafuna kukambirana naye za ntchito, koma atate wake anakana.

Apa tiyenera kunena za bamboyu mosabisa. Ndiye amene anali kulandira ndalama ndi kuvomera kapena kukana ntchito. Analamula kuti olemba nyuzi asalowe pamalo pamene mwana wake akujambulidwa, kuti asapite ku maphwando, ndi kuti ntchito ikatha abwerere kunyumba. Olemba nyuzi anakwiya namlembera mtsikanayo zoipa. Ena amati bamboyu anali kuteteza mwana wake pa ntchito imene atsikana ambiri anaonongekerapo, ndiponso anali kudziwa kuti thupi lake ndi lofooka. Zimenezi zili ndi choonadi chake. Koma ife tiona kuti woteteza mwana ndi wolonda nkhokwe anali munthu mmodzi, ndipo nkovuta kulekanitsa pamene wina analekezera ndi pamene wina anayambira. Madhubala mwini sanawaukire atate wake. Kuyambira ali wamng'ono anazolowera kuti akapanda kugwira ntchito, abale ake sadya.

Zotsala za moyo wake tingozidutsa mwachidule. M'chaka cha 1951 anasewera ndi Dilip Kumar mu Tarana, ndipo awiriwa anakondana zaka zingapo. Mu 1954, akujambula Bahut Din Huwe ku Madras, mzinda umene tsopano ndi Chennai, anasanzanso magazi, ndipo madokotala anachipeza chiboo chija. Chaka chomwecho ku Minneapolis, m'dziko la America, dokotala wina, C. Walton Lillehei, anali atangoyamba kumene kutseka ziboo zotere mwa ana aang'ono. Kwa mkazi wa zaka 21 ku India chithandizo chotere chinali kutali. Nthendayo anaibisa kuti ntchito ingamthere. Pambuyo pake atate wake anamletsa kupita kukajambula kanema wotchedwa Naya Daur kutali ndi Bombay. Mwini kanema, B. R. Chopra, anakasuma kubwalo la milandu, Dilip Kumar anachitira umboni mbali ya Chopra, ndipo chikondi chao chinathera pomwepo.

Komabe anatsiriza pamodzi kanema wamkulu wa K. Asif wotchedwa Mughal-e-Azam, amene anatuluka pa 5 August 1960. M'menemo Madhubala anasewera ngati Anarkali, mdzakazi wovina amene anakondana ndi mwana wa mfumu Akbar naponyedwa m'ndende. Maunyolo amene anamangidwa nawo pojambula anali achitsulo chenicheni, olemera, ndipo anam'siyira mabala pakhungu. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi woimba Kishore Kumar, napita ku London kukaonana ndi madokotala. Iwo anakana kumchita opaleshoni, nati zaka zimene zamtsalira ndi 2. Anakhala zaka 9, zambiri a izo ali gone m'nyumba ya atate wake ku Bombay. Anamwalira pa 23 February 1969, patangopita masiku 9 chikwanitsire zaka 36.